Ndevu za a Kaliati

"Ine munthu ndikamuuza chinthu kamodzi, amamva," ankatero a Kaliati, telala wa pakhonde la golosale pa Boma. Ankauza wakabaza wina amene ankangodikira buluku lake. "Matelala onse mukuwaonawa anadutsa m'manja mwangamu."

Eveles anali ataima kumbuyo kwawo ndi mwana wake Fainess. Anawerenga chamumtima matelala amene ankawadziwa: awiri anaphunzira ku Limbe, wina kundende. Anabwera kudzasiya mwana, osati kudzatsutsa.

Fainess anasiya kumva ali wamng'ono, atadwala malungo aakulu. Sitandade 8 anamalizira ku Jenala, pasukulu yomwe ili ndi kalasi ya ana a ulumali. Mphunzitsi wake, a Mervis, anamuphunzitsa chinenero cha manja komanso kuwerenga milomo ya anthu akamalankhula. Sukulu itatha, a Mervis omwewo anakana kuti mtsikanayo azingokhala pakhomo. Anakambirana ndi a Kaliati kuti amuphunzitse utelala, azigonera kwa azakhali ake pa Boma pomwepo.

Sabata zitatu zinayenda bwino. Yachinayi kunabwera amayi a kwaya, kufuna mabulauzi khumi ndi awiri a kolala yosongoka. Mawa lake anasintha maganizo, ati yozungulira. A Kaliati anamuuza Fainess, iye anagwedeza mutu, n'kudula makolala osongoka onse khumi ndi awiri, mwaluso ndithu.

A Kaliati anakalipa pamaso pa amayiwo. "Mwana uyu mutu alibe. Lachisanu abwerere kwawo."

Mawuwo Fainess sanawamve, koma nkhope za amayi anaziwerenga.

Nkhaniyi itamulowa m'khutu, Eveles anathamangira kwa a Mervis. "Aphunzitsi, akabwerera kumudzi ndiye kwatha. Amalume ake ayamba kale kukamba zomupezera banja."

"Pukutani misozi, amake Fainess. Mawa ana akaweruka, tikwere kabaza."

Atafika, a Mervis anangokhala pabenchi ola lathunthu, maso pa telala ndi wophunzira wake. A Kaliati, poganiza kuti akuyenderedwa, anakoleka tepi m'khosi n'kumalankhula mokweza. Kenako a Mervis anafunsa Fainess ndi manja. Mtsikanayo anayang'ana pansi kaye, n'kuika chala chopingasa pansi pa mphuno.

Tsono a Kaliati anali ndi ndevu za pamlomo zodziwika Boma lonse. Zinkagwa ngati udzu wa denga mpaka kuphimba pakamwa, ndipo zinali ndi kachipeso kakekake m'thumba la malaya.

"Bambo Kaliati," anatero a Mervis, "mwanayu amamva ndi maso. Amayang'ana milomo."

"Ndikudziwa, madamu. N'chifukwa chake ndimakuwa."

"Kukuwa sikuthandiza. Milomo yanuyo sakuiona."

"Nanga amagwedezeranji mutu?"

"Ulemu. Mukanakonda akuuzeni kuti achikulire, ndevu zanu zanditchinga? Masiku onsewa wakhala akuonera manja anu basi. Za kolala zinatuluka pakamwa."

A Kaliati anagwira ndevu zija ngati wina akufuna kuwalanda. "Izi mayi a kunyumba anandipeza nazo."

"Sindikuti mumete. Mukhoza kumamulembera papepala. Ndipo Loweruka lililonse ndizibwera kudzakuphunzitsani manja pang'onopang'ono, inu ndi amake omwe."

Kalembedwe ka a Kaliati kankawerengedwa ndi eni ake okha, nthawi zina nawonso ankachita kufunsa. Anati aganiza.

Lachisanu Eveles anafika m'mawa ndi chikwama chodzatengera zovala za mwana. Amayi a kwaya anali atafika kale, ati anachita kuitanidwa. Pamakina panali bambo wina wachilendo, mlomo wam'mwamba uli mbuu ngati chinangwa chosenda kumene.

"Pepani bambo," anatero mtsogoleri wa kwaya, "a Kaliati atuluka?"

"Ndine ndemwe."

Amayi awiri anapita kukatsokomolera kuseri kwa golosale.

A Kaliati anaimirira, anayang'anizana ndi Fainess, n'kulankhula pang'onopang'ono, osakuwa. "Ndinakunyoza pamaso pa amayi awa, ndiye mawu anga ndiwabweza pamaso pawo pomwepa. Mutu uli nawo. Makolala aja unadula bwino. Wolakwa ndine. Sukupita kulikonse."

Fainess anayang'anitsitsa mlomo watsopanowo mpaka mawu omaliza. Maso ake analengeza misozi, kenako manja ake anayankha mofulumira.

"Akuti chiyani, amake?"

"Akuti wamva zonse," anatero Eveles, amene manja a mwana wake ankawamvako kale. "Akuti zikomo kwambiri."

Fainess anali atanenanso kuti sankadziwa kuti abwana alibe dzino limodzi lakutsogolo. Zimenezo Eveles anazisunga. Anagwada, n'kuwomba m'manja mwakachetechete, kuthokoza a Kaliati, kuthokozanso a Mervis amene pa nthawiyo anali m'kalasi ku Jenala ndi ana ena.

Mtsogoleri wa kwaya ananyamula bulauzi imodzi, n'kuitembenuza uku ndi uku. "Yosongokayi siyoipanso ayi. Tatenga momwemo, bola asoke mwini wake anadulayu."

"Ndimati ndinene zomwezo," anatero a Kaliati, n'kumusunthira Fainess mpando wa pamakina.