Mpata Womaliza wa Mpanda wa pa Doko

Doko lopanda madzi, ha! Koma ndi momwe amawatchulira malo aja kuseri kwa komboni ya Kuwadzana, m'dziko la eni, kumene malole ochokera ku Beira amatsitsa makontena. Kale inali famu ya fodya, ndipo pangodya ina panatsala manda a antchito ake, Amalawi okhaokha. Mayi Effie, amayi ake a Yosiya, anagona pomwepo.

Mpanda wakale unali wa waya wobookabooka, ndipo Yosiya ankalowera pabowo chaka ndi chaka kukalambula manda. Eni doko atatopa ndi mbava anagula mpanda wazitsulo zosongoka, wamagetsi pamwamba. Nanga wowotcherera anali ndani? Yosiya yemweyo! Dziko ili, abale.

Masabata atatu anakhala akuizemba ngodya ija, mpaka kapitawo wake Kudzanai anamupezerera Lachisanu masana.

"Madala, mpata uwu utsekedwe lero. Apo ayi, mawa musabwere."

"Muli anthu m'menemo, bwana."

"Anthu ati? Milu ya dothiyo?"

Yosiya mtima unamuwawa zedi. Kuwatsekera amayi ake omubereka pakati pa makontena, osadzafikanso pamanda pawo? Anavula magolovesi, nalowa, nagwada dzuwa lili paliwombo.

Tsono wamkulu aliyense amadziwa kuti kumanda umanena zako, n'kumaliza ndi "gonani", n'kutuluka osacheuka. Suitana munthu ayi. Koma Yosiya anakulira m'tauni, ulemu umene ankaudziwa ndi wa pakhomo.

"Amayi, ine ndikutseka kuno," anatero. "Ngati mukufuna kutuluka, tiyeni. Kunyumba kulipo, inu ndi anzanu."

Anabwerera pampata paja, naima pambali monga muja upatukira akulu pakhomo. Phokoso la malole linangoti zii. Kenako kunamveka fungo la fodya wouma, pamalo poti fodya anasiya kulimidwa kalekale. Tsitsi linamuima. Atayang'ana pansi, simenti yaiwisi imene anzake anathira m'mawa inali mapazi okhaokha, opanda nsapato, onse olozera kunja. Anawerenga mpaka khumi, n'kuleka.

"Wapondaponda apa ndani?" anakalipa Kudzanai atafika. "Tsekani, tsekani, tiweruke!"

Yosiya anaimika chitsulo chomaliza. Anamanga mabawuti aja amene mutu wake umathyoka ukalimba kuti wina asadzamasulenso, nawotcherera pamwamba pake. Wamagetsi anayatsa, waya n'kuyamba kulira ti, ti, ti. Pansi pa mantha onsewo, munthuyu anali wokondwa ndithu kuti amayi ake sanawatsekere.

Foni inalira ali mu kombi, kaminibasi kopita kunyumba, atapanikizika pamzere wa magalimoto. Anali mkazi wake Lidia, kunyumba ku Glen Norah, akunong'ona.

"Bambo a Tecla, bwerani msanga. Pakhomo padzaza agogo. Angokhala pansi phee, madzi akana, mapazi awo simenti yokhayokha. Ana akulira."

Lidia anapitiriza kunong'ona.

"Amene walankhula ndi mmodzi yekha, mayi wamfupi, akukutchulani dzina. Akuti adzukulu awaona, zikomo, tsopano muwaperekeze kwawo dzuwa lisanalowe, chifukwa likawalowera pano ndiye kuti akhazikika. Akufunsa kuti paja mwawasiyira polowera, eti?"

Yosiya anasuzumira pawindo. Dzuwa linali litafika kale pamadenga a nyumba.