Chidindo Chofiira pa Pepala la Mng'ono Wanga

"Bwezani pepala langa, achemwali, ndege indisiya."

Sindinabweze. Ndinalipanikiza ndi chigongono patebulo, mng'ono wanga akundiyang'ana ngati ndamulanda mwamuna. Chaka chimenecho boma linaika anamwino pabwalo la ndege, ine mmodzi mwa iwo, kuti aliyense wopita kukagwira ntchito kunja kudzera mwa ajenti azitionetsa mapepala ake akuchipatala. Anatiphunzitsa masiku atatu okha, koma chimodzi chinandikhala m'mutu: alipo anthu olonjeza ntchito pomwe akufuna ziwalo za munthu.

Mng'ono wangayo ankapita kukayala mabedi mu hotela. Kunyumba anandibisira mapepalawo miyezi iwiri, ati ndine wolongolola. Tsopano ndinawaona. Impso zake anazijambula kawiri, ndipo magazi ake anawafananiza ndi a munthu wina wopanda dzina, wongolembedwa nambala.

"Kodi mabedi amayala ndi impso?" ndinamufunsa.

"Musandichititse manyazi pagulu. Tonse anatiyeza choncho."

Ajenti wake, amene tinkangomutcha Wamasuti, anaweramira patebulo langa, perefyumu wake kundilowa mpaka kukhosi. "Asisi, mabwana akunja amafuna wantchito wathanzi. Dindani, tikuchedwetsa mzere."

Ndinadindadi, koma chidindo chofiira chokaniza ulendo, kenako ndinaitana apolisi a m'chipinda choyandikana. Wamasuti anati akupita kaye kuchimbudzi. Mpaka lero sanabwereko, koma chikwama chake anachisiya pampando.

Nditafika kunyumba ndinapeza amayi ataima pakhomo, sutikesi ya mng'ono wanga ili kumapazi kwawo.

"Nsanje idzakupha iwe," anatero ndisanavule ndi nsapato zomwe. "Unaphunzira wekha, ntchito unapeza wekha. Mnzako wapeza pake, iwe kumutsekera?"

"Amayi, akanakamudula uyu."

"Wadulidwa ndani? Mnzake wa kusaluni uja sanapite ndi bambo yemweyo? Sakutumiza zithunzi?"

Mwini wake anatuluka kuchipinda maso atatupa. "Zaka zinayi ndikuzungulira ndi makalata, inu mukungondiuza kuti pirira. Impsozo ndi zanga. Akanatenga imodzi, inu zikanakupwetekani pati?"

Mtima unandikwera, ndipo ndinayankhula zimene ndimachita nazo manyazi mpaka pano. "Basi pita, akakutumbule ngati mbuzi, tidzalandire bokosi."

Miyezi itatu sanandipatse moni. Akachapa, zovala zanga ankazisankha n'kuzisiya pansi m'bafa. Amayi akafuna kundiuza kanthu ankauza khoma. Ine ndinkadana nawo onse awiri, ndipo masiku ena ndinkadzifunsa ngati sindinamuphere tsogolo mwana wa mayi anga chifukwa cha maphunziro a masiku atatu.

M'chikwama cha Wamasuti munali mndandanda wa maina. Boma linatsata mainawo n'kubweza amayi asanu ndi mmodzi, ndipo mnzake wa kusaluni uja anali pomwepo. Akuntchito anandituma kuchipatala kukathandiza kutsuka mabala awo. Tsiku lachiwiri ndinapeza mng'ono wanga atakhala pambali pa bedi la mnzakeyo, akumusendera lalanje.

"Tuluka, ndigwire ntchito," ndinatero.

"Sindinabwerere inu."

"Musiyeni aone," anatero wodwalayo, n'kukweza yekha malaya.

Bala linayambira pansi pa nthiti kutsikira m'chiuno, losokedwa mokhotakhota ngati kukamwa kwa thumba la makala, mafinya akutuluka pakati.

"Anati andipeza ndi chotupa, andichotsa mwaulere," anatero akuyang'ana kudenga. "Hotelayo sindinaione n'komwe. Zithunzi zija ankandijambula okha, atandiveka diresi la munthu wina."

Lalanje linagwa n'kugubuduzikira pansi pa bedi, ndipo palibe analitola. Ndinatsuka balalo, mng'ono wanga osaphethira.

Ndikutuluka ndinamupeza akundidikira pakhonde.

"Musayembekezere kuti ndikuthokozani," anatero. "Ntchito ndilibebe. Ndipo za mbuzi zija sindidzaiwala."

"Sindinakupemphe kuti uiwale."

Anatembenuka n'kutsogola, osandidikira. Inali nthawi yoona odwala, khonde litadzaza anthu okankhana ndi mabasiketi. Ndinamutsatira patali. Njira yonse mpaka pageti, dzanja lake linali litakanikiza pansi pa nthiti, monga mmene munthu amagwirira kachikwama kake akalowa mumsika.