Apongozi Anga pa Tebulo la Mitembo

Ndinalota ndili m'chipinda chimene timaphunziriramo za thupi la munthu ku yunivesite, fungo la mankhwala osungira mitembo likuwawa m'maso. Aphunzitsi anavundukula nsalu pa tebulo. Amene anagona pamenepo anali apongozi anga, bambo awo a amuna anga, ali maliseche koma ali moyo. Munthu amene chikwatiwireni sindinamuyang'anepo m'maso.

Ndinagwada pa simenti yozizira, mpeni uli m'manja.

"Dzukani, mutisonyeze chiwindi," anandiuza aphunzitsi.

Ndinavula chitenje kuti ndiwafunditse, koma chinasanduka kampango kopukutira thukuta. Mimba yawo inatseguka yokha ngati chitseko. Mkatimo munali motentha, monyowa, mtima ukugunda padzanja langa ngati nkhunda yogwidwa. Anzanga ankaseka chapansipansi. Apongozi anangotembenukira kukhoma n'kunena mwaulemu, "Pitirizani, apongozi, ine sindikuona."

Ndinadzuka nkhope ikutentha ndi manyazi. Amuna anga sindinawauze. Nkhani yotere ungaiyambire pati? Mwina ndi mantha a mayeso amene ayandikira, kaya.

Loweruka apongoziwo anafika kuchokera kumudzi, ataonda. Ndinawapatsa moni nditagwada chapatali, monga mwa masiku onse. Iwo, akuyang'ana kumbali, anaika dzanja m'munsi mwa nthiti zakumanja, pamene pamakhala chiwindi.

"Muno mukundipweteka, apongozi. Paja mukuphunzira udokotala. Simungandione?"

Maso ali pansi, ndinasendera pafupi, chogwadabe, n'kuwapempha kuti akweze malaya.