Kapu ya Makutu Awiri

"Gwiritsa mwana iwe! Ukuseka chiyani?"

Amenewo ndi achemwali anga a Olive, kukuwira m'khutu mwanga mwenimweni. Tili pa njinga yamoto anthu anayi: wakabaza kutsogolo, ine pakati, Tamanda pachifuwa panga, achemwali kumbuyo ndi mimba yawo. Msewu wa ku Nambuma matope okhaokha, mvula itagwa dzulo lake. Ndipo eya, ndimasekadi. Ndili ndi vuto ine, ndikachita mantha ndimaseka. Pa Misa ya maliro a amalume anachita kunditulutsa m'tchalitchi kkkk. Koma tsiku limenelo mumtimamu munalibe choseketsa ngakhale chimodzi. Tamanda anali lende ngati nkhwani wofota. Mutu ukungogwera uku, kugwera uku. Mwana amene akalira nkhuku zimathawa pabwalo, tsiku limenelo zii.

Dikirani, ndalumpha. Ndiyambe bwinobwino.

Tamanda ndi mwana wa achemwali, nthawi imeneyo anali ndi miyezi khumi. Zitadziwika kuti achemwali ali ndi pakati pena, azakhali athu a Rozaria anabwera n'kugamula pomwepo kuti bere basi, mkaka wawonongeka, mwana aleke lero lomwe. Kwathu zimatero. Ndiye poti mwana akamaona mayi ake amalirira bere, anamupereka kwa ine. Ine Benedeta, zaka 15, holide ya Pasaka, anthu onse ali m'chigafa kusankha fodya kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa. Ndinasangalala bwanji! Fodya amandiyetsemulitsa, ndiye ndinaona ngati ndapulumuka.

Kupulumuka kwake kuti. Masiku atatu mwana kukana chilichonse. Supuni amaimenya. Kapu ya tiyi amaikankha. Phala lonse limathera m'tsitsi mwanga.

Kenako alamu anga a Gideon anabwera kuchokera kumsika ku Nsaru, akumwetulira ngati apha nyama, n'kutulutsa m'thumba la jekete kapu ya pa kaunjika. Yabuluu, makutu awiri uku ndi uku ogwirira mwana, pamwamba chivindikiro chokhala ndi kamlomo koyamwira.

"Imeneyi ndi ya ana a mabwana," anatero. "Taonani."

Anathiramo madzi, kutseka, n'kuizondotsa pamutu pa azakhali penipeni. Azakhali kukuwa, "Mayo ine, duku langa!" Koma dontho ngakhale limodzi silinagwe. Tinaseka mpaka kugwira m'mimba.

Tamanda anaikonda tsiku lomwelo. Amagwira makutu onse awiri, kutsinzina, n'kumayamwa ngati bere. Ine ndimaphika phala la mgaiwa lothira nsinjiro, kulisungunula kuti lizidutsa pakamlomo, kudzaza kapu m'mawa, basi. Akalira nthawi ya 10, kapu. Akalira masana, kapu yomweyo, phala lomwelo. Madzulo ndimaitsuka ndi sopo, kuikwecha mpaka kuwala. Eee, ndimanyada nayo. Ndinamujambula pa foni ya achemwali ali nayo kukamwa, n'kutumizira anzanga a kusukulu kuti onani mayi Bene.

Panapita masabata awiri. Lachitatu lina anayamba kutsegula m'mimba. Azakhali anati ndi mano akumera. Lachinayi anawonjezera kusanza. Lachisanu m'mawa ndikumusambitsa ndinayika dzanja pamutu pake, chala changa n'kulowa. Liwombo linali litalowa mkati ngati kadzenje ka bawo. Maso nawo alowa. Milomo gwa.

Ndinathamangira kuchigafa ndi mwana wosavala. Anthu onse anasiya fodya.

Azakhali anamuyang'ana pamutu, kenako anatembenuka pang'onopang'ono n'kuyang'ana alamu.

"Bambo a Tamanda, tiuzeni zoona. Ku Nsaru kuja mumangothera kumsika kokha?"

"Mukutanthauza chiyani amayi?"

"Mwana uyu wasemphedwa. Ili ndi tsempho ili. Ine ndalera ana asanu ndi awiri, sindingasokonezeke. Wina m'nyumba muno wayenda njira zachilendo."

"Ine? Ndi fodya ameneyu? Nthawi yake ndingaipeze kuti amayi, ngakhale yosamba ikundisowa!"

Ine phwii, kuseka. Sindinafune, kunangotuluka. Azakhali anandiponyera chitsononkho.

Kenako anati tidikire, iwo akafune mankhwala omata paliwombo. Achemwali anangopukuta manja pachitenje, kutenga foni, kuimbira wakabaza. Ine ndinathamangira kunyumba, kutenga matewera, buku la kusikelo, ndi kapu ija. Ndinaidzaza phala kuti mwana asafe ndi njala panjira. Mukumva? Kuti asafe ndi njala.

Ndiye tafika pomwe ndinayambira paja.

Kuchipatala mzere unali wautali, koma anesi ena aafupi ovala magalasi atangomuona Tamanda anati, "Lowani naye kuno, msanga." Anamugoneka pabedi. Anatsina khungu la pamimba pake n'kulisiya. Khungulo linangokhala chiimire, osabwerera.

"Wakodza liti komaliza?"

Achemwali anayang'ana ine. Ine ndinayang'ana matewera. Onse ouma.

"Dzulo masana," ndinatero.

Anesi anayamba kuyenda mofulumira, ndipo zimenezo zinandiopsa kwambiri. Anabweretsa dilipi. Kufuna mtsempha padzanja, osaupeza. Dzanja lina, osaupeza. Singano ikulowa, mwana osalira n'komwe, kungotsegula kukamwa popanda mawu. Ine kihihihi, ndagwira pakamwa, misozi ikutsika, koma kuseka osaleka. Amayi ena pabedi loyandikana anandiyang'ana ngati ndine mfiti.

"Musamuone choncho," anatero achemwali. "Amatero akamaopa."

Mtsempha unapezeka paphazi. Madzi anayamba kudontha, dontho limodzi, kudikira, dontho lina.

Patapita nthawi Tamanda anayamba kunyambita milomo. Ine mwachangu kupisa m'chikwama, kutulutsa kapu, kumuyandikizira kukamwa.

"Iwe, taima kaye. Tabweretsa kuno chimenecho."

Ndinawapatsa anesi aja ndi manja awiri, ndipo kunena zoona kamtima kena kanali kakudikira kuti anditamande. Inali ikuwala kapu ija.

"Amadyera m'menemu?"

"Eya."

"Kuyambira liti?"

"Masabata awiri ndi masiku."

"Amatsuka ndani?"

"Ine. Tsiku lililonse, ndi sopo."

Anatsegula chivindikiro, kuchitembenuza. Kunsi kwake, pansi pa kamlomo, kunali kalabala koyera kozungulira. Ine ndimakaona tsiku lililonse, ndimayesa ndi mmene anachipangira. Anesi analowetsa nsonga ya sizasi m'mphepete mwake, kutembenuza pang'ono. Kanangoti thoo, kugwera m'dzanja lawo.

Amayi inu.

Kuseri kwake kunali kwakuda bii. Zoterera, zonanda, ngati ndere za pachitsime chosiyidwa, zadzaza mpaka mkati mwa kamlomo momwe Tamanda amayamwa. Fungo lake ngati matsukwa a sabata yathunthu. Amayi a pabedi lina aja anatseka mphuno ndi chitenje.

"Aka umakachotsa potsuka?"

"Sindimadziwa kuti kamachoka."

Mawu anga anatuluka aang'ono ngati a mwanapiye. Ndipo kuseka kuja kunatheratu. Koyamba m'moyo wanga ndinachita mantha popanda kuseka, ndipo ndikuuzeni, bola kuseka. Masabata awiri ndikumupatsa zimenezo ndi dzanja langa, kwinaku ndikumuimbira nyimbo.

"Sindinganene kuti ndi ichi chokha," anatero anesi, "koma phala lililonse limene wamwa ladutsa umu. Ndipo la m'kapumu waphika liti?"

"M'mawa."

"Masiku onse limakhala mpaka liti?"

"Mpaka lithe."

Anavula magalasi n'kupukuta maso. Sanandikalipire, ndipo ndimafuna akanandikalipira. Anangoti chivindikirocho chisabwererenso kukamwa kwa mwana. Kapu yotsegula, yoti ukuona pansi pake, ndi supuni. Kutsuka ndi sopo akangomaliza kudya, kuthira madzi owira, kuyanika pathandala padzuwa. Phala lotsala adye wamkulu. Kenako anatembenukira kwa achemwali.

"Nanga bere analekeranji?"

Achemwali analoza mimba.

"Mimba siwononga mkaka, mayi. Akadzuka muyeseni, mwina ukadalipo. Panopa tikudikira chinthu chimodzi, akodze. Akakodza ndiye kuti madzi afika. Akapanda kukodza pofika 4 koloko, ndikutumizani kuchipatala chachikulu."

Ndinatuluka panja. Ndinakakhala kuseri kwa chipinda, pafupi ndi mpopi, n'kuyamba kusamba m'manja popanda chifukwa. M'mutu mwanga munkangobwera kabokosi kakang'ono kamene ndinaona chaka chatha pamaliro a mwana wa aneba, kamene bambo mmodzi anakanyamula yekha. Ndinayesa kunena Tikuoneni Maria, ndimangofika pakati n'kuiwala.

Achemwali anandipeza pomwepo.

"Achemwali, ndamupha ine."

"Wafa ndani? Tseka pakamwa, usatiitanire zinthu."

"Koma ndine ndimatsuka."

Anakhala pansi pambali panga movutikira, dzanja kumsana. Ine ndinkangodikira mbama.

"Lamulungu lija unapita kukwaya," anatero, "kapu ija inatsukidwa ndi ndani?"

Ndinaganiza. "Inu."

"Ndinaitsuka, kuiyang'ana, n'kunena kuti koma Bene ndi waukhondo." Anapumira m'mwamba. "Dzuka. Msana wanga sukundilola, ukamunyamule ndiwe. Amagona bwino pa iwe."

Sindinkafuna kumugwira. Ndinkaopa manja anga omwe. Koma ndinalowa, kukhala pabedi, anesi n'kumuyika pamiyendo panga mosamala kuti chingwe cha dilipi chisakokeke. Pakhoma panali wotchi. 2 koloko. Hafu pasiti 2. Ine diso pa wotchi, diso pa dontho, dzanja pa thewera. Louma. 3 koloko, louma. Anesi amabwera, kugwira, kuchoka. Ndinawamva panja akufunsa ngati galimoto ya ambulansi yabwerako.

Ndinayamba kumunong'oneza. "Tamanda, kodza mwanawe. Chonde. Sindidzakukalipiranso. Kodzera siketi yanga ya kukwaya yomwe, kodzera foni, kodzera chilichonse."

Itangodutsa hafu pasiti 3 ndinamva kutentha pantchafu. Poyamba ndinayesa thukuta. Kenako kunafalikira, kutsika mwendo, mpaka kudontha m'silipasi.

"Anesi! Wandikodzera! Wandikodzera!"

Ndinakuwa mpaka alonda a pageti anasuzumira pawindo kkkkk. Anesi anabwera, kugwira thewera, n'kunena kuti, "Eya, mtsikana." Sindikudziwa ngati amanena ine kapena Tamanda. Ndipo pompo mwana anakwinya nkhope, kukoka mpweya, n'kulira. Kulira kwake kuja kothamangitsa nkhuku. Achemwali anamutenga n'kumuyika kubere, iye n'kuligwira ndi manja onse awiri ngati wina amulanda. Ine ndinangokhala pabedi ndi siketi yonyowa, kuseka ndi kulira pamodzi, mamina mbwee.

Alamu ndi azakhali anafika dzuwa litapendeka, pa njinga yakapalasa, azakhali ali pakaliyala ndi kamphika ka mankhwala awo omata. Achemwali anawaonetsa kalabala kaja, atakakulunga m'pepala. Alamu anakanunkhiza n'kubwerera m'mbuyo, kenako anayang'ana azakhali.

"Ndiye tsempho lija ndi limeneli, amayi?"

Azakhali anakayang'anitsitsa, kukonza duku, n'kunena kuti, "Chabwino. Komabe kapuyo anagula ndani?"

Tinagona konko masiku awiri, Tamanda akumwa madzi a thanzi ndi supuni, pang'onopang'ono. Titabwerera kunyumba chivindikiro ndinakachiponya m'chimbudzi ndekha, ndipo ndinadikira mpaka ndimve kuti chafika pansi. Sabata imeneyo ndinawiritsa chilichonse. Masupuni, mbale, chipande, ngakhale makiyi a njinga ya alamu poti Tamanda amakonda kuwaluma. Anawafuna tsiku lonse, n'kuwapeza pathandala akuuma kkkk.

Kapu yabuluu ikadalipo, yopanda chivindikiro. Lero m'mawa ndinaitenga pathandala itatentha ndi dzuwa, kuyang'ana mkati mpaka pansi, kuinunkhiza, n'kuthiramo phala. Tamanda anagwira makutu onse awiri n'kuizondotsa ngati kale, phala lonse khuthu pachifuwa, pamimba, pamiyendo panga. Anandiyang'ana modabwa, kenako anaseka, timano tiwiri pamtunda. Ine sindinapukute msanga. Ndinayika kaye chala pamutu pake, pakati penipeni, pomwe panali kadzenje paja. Panali podzaza, pofunda, pakugunda pang'onopang'ono pansi pa chala changa.