Masamba a Mtetezga

Chaka cha 1989, lamulo litabwera loti aphunzitsi ochokera kumpoto abwerere kwawo, a Macloud anakwera lole ndi sutikesi imodzi kupita ku Rumphi. Mkazi wawo Lizzie anatsala ku Chowe. Mayi ake anali atafa ziwalo mbali imodzi, ndipo ulendo wa masiku awiri sakanaupirira.

Anamusiyira dimba m'mbali mwa khwawa, mabedi asanu a mpiru ndi repu. Zaka zonse za banja lawo Lizzie ankangopitako kukathyola ndiwo. Wosamala anali mwamunayo, amene akaweruka kusukulu ankavula tayi n'kutsetserekera kudimbako akuimba likhweru.

Pofika Julayi nsabwe zinadzaza kunsi kwa masamba a repu, masambawo n'kuyamba kupindika. Lizzie anawaza phulusa koma sizinamve. Anaviika fodya ndi tsabola wa kambuzi monga ankaonera, koma anachulutsa, bedi lonse la mpiru n'kupserera. Tsiku limenelo anakhala pamzere n'kulira mpaka miyendo inachita dzanzi.

Analemba kalata. Masiku amenewo anthu ankanong'ona kuti makalata amatsegulidwa m'njira, choncho sanalembe zakukhosi, anangofotokoza za nsabwezo. Yankho linafika patatha masabata asanu. "Musinje masamba a mtetezga odzaza manja awiri," analemba a Macloud, "muwaviike mundowa tsiku lathunthu, musefe, muikemo kachidutswa ka sopo. Mukawaza, musathyole ndiwo mpaka sabata ithe. Kuno kukuzizira. Ndikumadya ndekha."

Mtetezga! Liwulo linali lachitumbuka, ndipo Lizzie sankaudziwa mtengowo. Anafunsa kutchalitchi, anafunsa ogulitsa mbewu pamsika wa Mangochi, onse ankangopukusa mitu. Pobwerera ankalitchula yekha m'njira, akulikoka monga amuna ake akanalitchulira.

Anamuthandiza ndi Che Asiatu, mayi wachikulire wa dimba loyandikana nalo.

"Aphunzitsiwo ankakautenga kuti?" anafunsa.

"Sindinawafunsepo, amayi."

"Nanga masamba ake simunawaonepo?"

Lizzie anatsinzina. Anaona manja a mwamuna wake atagwira munsi, choko chikadali m'zikhadabo. "Ndi ang'onoang'ono, otuwa kunsi. Maluwa ake oyera, nyemba zake zaubweya."

"Aa, mwana wanga, si ombwe ameneyo? Uja amaledzeretsera nsomba pamtsinje. Tiyeni."

Anamugwira dzanja mpaka kumapeto kwa dimba la Lizzie lomwe. Kuseri kwa nthochi kunali zitsamba zisanu ndi chimodzi, zitaima pamzere wowongoka ngati ana pa asembule. Ndi a Macloud okha amene akanadzala choncho. Lizzie ankadutsa pamenepo tsiku lililonse ndi ndowa kumutu. Anathyola tsamba limodzi n'kulifikisa m'manja, ndipo Che Asiatu anayang'ana kumbali dala.

Lizzie anachita zonse monga kalata inanenera. Pasanathe masabata awiri nsabwe zinatha, repu n'kutulutsa masamba atsopano. Masamba ena anawafutsa n'kuwatumiza ku Rumphi ndi msilikali wina amene ankapita kwawo ku tchuthi.

Kalata yotsatira inati mfutso wafika, ndipo a Macloud ayesetsa kubwera pa Khirisimasi, ngakhale sangalonjeze. Lizzie anaiwerenga kawiri, n'kuwawerengeranso mayi ake. Mawa lake analawirira kudimba, nagalauza bedi latsopano, nafesa matimati oti adzapse mu Disembala.