Zithunzi za ku Beira

Kodi munthu wa ku Mkaika, wokulira pakati pa mapiri ndi minda ya mtedza, akaima koyamba m'mbali mwa nyanja yamchere kamera ili m'manja, angajambule chiyani? Tangoganizani. Abale a malemu Goodson Mvula nawonso ankaganiza, ndipo aliyense anali ndi yankho lake.

"Alamu, chotsani chala pamenepo," anatero Adelina, mkazi wa malemuyo.

Solomoni, mkulu wake wa Goodson, anali atakhala pakhonde akutokosa kachitsulo ka m'mbali mwa kamera. Linali tsiku lometa maliro, ndipo katundu wa malemu anali atayalidwa pamphasa: jasi, nsapato, mabulangete awiri, sutikesi.

"Ndingofuna ndione zimene zili m'katimu. Tigawa bwanji chinthu chosachidziwa?"

"Malemu anati isatsegulidwe powala. Zithunzi zimapsa."

"Zimapsa? Muli moto m'menemu?" Solomoni anaseka, koma chala anachotsa.

Goodson anali khukhi ku Halale. M'chaka cha 1958 abwana ake anamutenga kutchuthi ku Beira kuti azikawaphikira, ndipo masana akatsuka mbale ankayenda mumzindawo kuona doko, sitima zapamadzi ndi nyumba zosanja. Kumeneko anagula kamera yakale kwa Mpwitikizi wina wometa tsitsi. Anabwera kumudzi akutsokomola, filimu ikadali m'kati, akuti akachira akatsukitsa ku Fort Jameson. Sanachire. Atatsala pang'ono kutsirizika anauza mkazi wake kuti, "Zili m'menemo ndi zanu."

Chithunzi cha Goodson panalibe paliponse, ndipo mwana wawo Naomi anali atangoyamba kuyenda. Adelina ankafuna nkhope ya mwamuna wake kuti mwanayo akadzakula adzaone bambo ake.

"Kamera ndi yathu, eni mbumba," anatero Solomoni. "Aphunzitsi ena a ku Katete aifuna kale, ndipo sadikira."

"Tengani jasi. Tengani nsapato, sutikesi, ndi bulangete limene mumati mundisiyire. Kamera ndidzabweza ndekha. Ndingochotsamo bambo ake a Naomi."

"Mukudziwa bwanji kuti alimo? Mng'ono wanga ankakonda zinthu zikuluzikulu. Muli sitima zokhazokha m'menemu."

Violet, mlongo wake wa malemu, amene ankapinda jasi, anadzutsa mutu. "Nanga mukapezamo dona wa ku Beira atamukoloweka dzanja paphewa, alamu, mudzatani? Mudzamusonyezanso Naomi?"

"Ndidzamudula ndi lumo, ine n'kutsala ndi mwamuna wanga."

Violet anaseka mpaka kupukuta misozi, kenaka anatembenukira kwa Solomoni. "Achimwene, apatseni. Ndipita nawo ine, ngati mukuopa kuti athawa nayo."

Solomoni anavomera monyinyirika. Anangolamula kuti zithunzizo zidzatsegulidwe pamaso pa onse, poti wakufayo sanali wa munthu mmodzi.

Amayi awiriwo anakwera basi ku Katete. Ku Fort Jameson mwini sitolo yotsuka zithunzi analowa ndi kamera m'kachipinda kamdima, natuluka nayo yopanda kanthu, n'kuwauza kuti adzabwerenso. Atabwereranso anati mankhwala atha. Ulendo wachitatu Violet anapita yekha, chifukwa Adelina anali atagulitsa nkhuku zake zonse kulipirira maulendo awiri oyamba aja. Nthawi yonseyi mtedza wa Adelina unali ukumera m'nthaka wosakumbidwa, ndipo kamera inali itapita kale kwa aphunzitsi.

Violet anafika dzuwa litapendeka, envulopu ili yomata monga anapanganirana. Anayala mphasa. Solomoni anang'amba envulopuyo natulutsa chithunzi choyamba.

Pansi panali madzi, pamwamba mitambo, pakati mzere wowongoka.

Anatulutsa chachiwiri. Madzi, mitambo, mzere. Chachitatu chimodzimodzi.

"Wakuberani wasitolo uja," anatero Solomoni. "Watsuka chithunzi chimodzi kambirimbiri."

Adelina anamulanda zotsalazo. Anaziyang'ana chimodzichimodzi, nazitembenuza kumbuyo, naziyang'ananso pafupi ndi maso ngati munthu wosankha nsabwe. Zinalipo zisanu ndi zitatu. Munalibe sitima, munalibe dona, munalibe Goodson.

"Munthu uyu," anatero. "Mzinda wonse wodzaza anthu, analephera kupempha wodutsa mmodzi kuti amujambule? Naomi ndidzamuuza kuti chiyani? Kuti bambo ako ndi madzi awa?"

Anaponya zithunzizo pamphasa n'kufunda nsalu kumutu.

"Ndinanena ine," anayamba Solomoni.

"Munanena za sitima, achimwene. Khalani chete."

Violet anayamba kutola zithunzizo kuti azibwezere mu envulopu. Ali ndi ziwiri m'manja anaima. Kumapeto kwa chimodzi kunali mutu wa bwato la asodzi, laling'ono ngati njere ya mpunga. Kumayambiriro kwa chinacho kunali matako a bwato lomwelo. Anazigundanitsa ndipo bwatolo linakhala lathunthu.

"Alamu, tafundukulani. Si chimodzi ayi. Zikulumikizana."

Adelina anafundukula mosafuna. Violet anamupatsa chachitatu, ndipo mtambo umene unaduka pa chachiwiri unapitirira pamenepo. Adelina anagwada, nayamba kuziyala yekha, kusuntha ichi, kusinthanitsa icho, mpaka mzere uja unayenda wosaduka kuchokera ku chithunzi choyamba kufika ku chomaliza. Anauyendetsa chala pang'onopang'ono, kufunafuna phiri, mtengo, kapena kamtunda kalikonse kutsidya. Sanapeze.

"Ndinawatsutsa ine," anatero motsitsa mawu. "Atabwera kudzationa chaka chatha anati abwana adzawatengera ku madzi opanda tsidya. Ndinawaseka. Ndinati madzi alionse ali ndi tsidya, ngakhale Luangwa anthu amawoloka, ndipo ndidzakhulupirira ndikadzaona ndi maso anga."

"Ndiye anati chiyani?" anafunsa Violet.

"Mukuwadziwa achimwene anu. Anangopitiriza kusenda chinangwa."

Solomoni anatsika pampando nagwada m'mphepete mwa mphasa. Anayang'ana nthawi yaitali, kenaka anatola timiyala n'kutsindika ngodya za zithunzizo kuti mphepo isazimwaze.

Goodson Mvula anali ndi filimu imodzi yokha ku Beira. Anaima pamalo amodzi pamchenga, natembenuka pang'onopang'ono kuchokera kumanzere kupita kumanja, ndipo anajambula nyanja yonse kuti mkazi wake aione.