Mkono wa Diresi Pafoni

"Amayi, anthu akutali adzadziwa bwanji kuti inu mumasoka bwino?"

Kansingano anafunsa funsoli ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, akutolera zidutswa za nsalu pansi pa makina a amayi ake, Mayi Telala. Atakula anadziyankha yekha. Anawapangira tsamba la pa intaneti, n'kuwasiyira kompyuta yake yakale, iye n'kupita kunja kukagwira ntchito. Anasiyana atakangana, poti mayiwo sankafuna kuti apite. Zaka ziwiri zinatha akungolemberana timauthenga ta moni.

M'mawa uliwonse Mayi Telala ankatsegula kompyutayo asanagwire sizasi. Madiresi awo ankaoneka atandandalika bwinobwino, ndipo pansi pake panali mawu amene mwanayo analemba: Manja a amayi anga sanama. Pafoni anali asanaliyang'anepo tsambalo, poti yawo inali yamabatani.

Lachiwiri lina analowa neba wawo wokonza mafoni, akukanda m'mutu.

"Mayi, mlamu wanga wa ukwati uja wakasoketsa kwina. Madiresi asanu ndi limodzi."

"Bwanji? Simunamupatse tsamba langa?"

"Ndinamupatsa. Taonani nokha zimene anaona."

Anawapatsa foni yake. Chithunzi chinachedwa kubwera, ndipo chitabwera panangooneka mkono wa diresi basi. Mayi Telala anakoka ndi chala, kunatulukira mpendero. Zilembo zinali ngati nyerere. Nambala yoimbira shopu sinaoneke n'komwe.

"Foni yanuyi ndi yakufa, aneba."

"Ine wokonza mafoni? Mwandivula pagulu!" anaseka bamboyo. "Tsambali linadulidwa pa muyeso wa kompyuta, mayi. Mukuveka khanda jekete la agogo ake. Makasitomala anu ndani ali ndi kompyuta? Onse amayang'ana ali m'basi, dzanja lina litagwira chitsulo. Akaona mkono wokhawokha amapita kwina."

Mayi Telala anakhala pansi. Miyezi yonse imene makina ankangokhala duu, iwo ankanena ogulitsa kaunjika kuti ndiwo awalanda anthu.

"Kukonzeka lingakonzeke," anatero nebayo, "koma pakufunika mawu achinsinsi olowera. Ali nawo ndi mwana wanu."

"Ndiye patatha zaka ziwiri ndimuimbire kuti ntchito yake ndi yokhota? Usiku wonse... ayi, sabata yathunthu anatha akujambula madiresi amenewa. Ndine amene ndinkamugwirira nsalu pakhoma."

"Chibale n'fupa, sichiwola. Mwina nayenso akungosowa poyambira. Ana athuwa ukawauza kuti 'ndakusowa' amayang'ana pansi, koma ukati 'tandithandiza' amabwera chothamanga."

Mayiwo anapukuta fumbi pa kompyuta ija ndi kansalu, ngakhale panalibe fumbi lililonse. Panja panadutsa atsikana awiri, mitu ili m'mafoni, osacheukira n'komwe zidole zovala madiresi pakhomo.

"Lamlungu masana mwana wanga sagwira ntchito," anatero pomaliza, chapansipansi. "Koma kafoni kangaka sikaonetsa nkhope. Ndikufuna ndimuone ngati wawonda."

"Ndidzabweretsa yangayi, batire lodzaza."

"Mukadzaona ndayamba kulira, mudzatuluke."

"Ndidzatuluka n'kukutsekerani chitseko. Koma inu musadzabisale kutchalitchi mpaka dzuwa kupendeka."

"Mudzandipeza pampando pomwe pano."

"Mwalonjeza?"

"Ndalonjeza, aneba. Inu musadzachedwe."